Makampani akunja ndi anthu a kumunsi kwa Kafue

Chanyanya ndi dera la asodzi ndi alimi kumadzulo kwa tauni ya Kafue, chakumapeto kwa chigwa chachikulu cha Kafue Flats, mtsinje usanapanikizike m'mapiri a Kafue Gorge. Madzi amene amafika padoko la kumeneku amakhala atayenda mtunda wautali. Amayambira kufupi ndi malire a Zambia ndi Congo, amadutsa pakati pa migodi ya ku Chingola ndi Kitwe, amaima m'damu la Itezhi-Tezhi, kenako amatsetsereka pang'onopang'ono m'madambo mpaka kupitirira minda ya nzimbe ya ku Mazabuka. M'njira monsemo muli makampani amene eni ake sakhala m'Zambia. Ena ali ku London, ena ku Beijing, ena ku Mumbai, ena ku Abu Dhabi. Zimene akuluakulu amenewa amagamula m'maofesi awo zimatsika ndi mtsinje, ndipo amene amakumana nazo ndi anthu oti dzina la kampaniyo mwina sanalimvepo.

M'masukulu a zamalonda nkhani ya khalidwe la makampani amaiphunzitsa ngati mkangano wa mbali ziwiri. Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, Milton Friedman, analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti udindo wa kampani ndi kuchulukitsa phindu la eni masheya, bola isaphwanye malamulo kapena kuchita chinyengo. Mu 1984 Edward Freeman anatulutsa buku lonena zosiyana, kuti woyendetsa kampani aziganizira aliyense amene ntchito ya kampaniyo imamukhudza, kaya ndi wantchito, wogula kapena woyandikana nayo. Ganizo la Friedman limamveka laukhondo, koma likafika m'maiko ngati athu limasiya funso lalikulu: malamulo ake ati, ndipo anawalemba ndani? Pamene migodi ya boma ya ZCCM inkagulitsidwa cha m'ma 2000, boma la Zambia linali pa ngongole yadzaoneni ndipo mtengo wa kopa unali pansi. Ogulawo anasainirana ndi boma mapangano amene anatsitsa msonkho wa pa miyala ya mumgodi kufika pa 0.6 peresenti, n'kuwapeputsiranso zina mwa zofunika pa chitetezo cha chilengedwe. Mapanganowo anathetsedwa mu 2008, nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa. Kampani imene inakhala nawo patebulo polemba lamulo, mnzake wokambirana naye ali ndi njala, singadzabisale kumbuyo kwa lamulo lomwelo n'kumati ife tinangotsatira.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti chisankho cha kampani chiziyesedwa poyang'ana munthu amene adzasenze zotsatira zake. Kodi anauzidwa zoona nthawi ikadalipo? Kodi akanatha kukana? Zinthu zikalakwika, kodi ali ndi koti n'kukadandaula n'kumveka? Zikangodalira mtima wabwino wa bwana amene alipo lero, ndiye kuti palibe chimene chamangidwa, pakuti bwanayo mawa asamutsidwa.

Mu November 2006 madzi a asidi ochokera ku kampani ya Konkola Copper Mines ku Chingola anatayikira mumtsinje wa Mushishima n'kukagwera mu Kafue. Anthu anamwa madziwo ndipo anadwala. Anthu pafupifupi 2,000, motsogozedwa ndi James Nyasulu, anakasuma, ndipo mu 2011 khoti linagamula kuti kampaniyo inalakwa ndipo iwalipire. Kampani inachita apilo. Mu 2015 khoti lalikulu kwambiri la Zambia linavomereza kuti kulakwa kunalipodi, koma linati ndalama za chipukuta misozi ziwerengedwenso. Apo n'kuti papita zaka zoposa 8 chimwereni madzi aja.

Chaka chomwecho anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hippo Pool, Hellen ndi Kakosa anatengera mlandu wawo ku England, kumene kunali likulu la Vedanta Resources, mwini wa masheya ochuluka a Konkola. Vedanta inati iyo ndi kholo chabe, mgodi ukuyendetsedwa ndi kampani ina yolembetsedwa ku Zambia, choncho mlandu ukazengedwe komweko. Umu ndi mmene makampani a m'maiko ambiri amamangidwira: phindu limakwera kupita ku likulu, koma mlandu umatsalira kunthambi. Pa 10 April 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti mlanduwo ukhoza kumvedwa ku England. Mwa zifukwa zake munali chakuti Vedanta yomweyo inali italemba m'malipoti ake kuti imakhazikitsa ndi kuyang'anira miyezo ya zachilengedwe m'makampani ake, ndipo kampani ikalengeza zotere pamakhala poyambira poifunsa mafunso. Chifukwa china chinali chakuti anthu osauka chonchi sakanapeza ku Zambia ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu ngati umenewu. Khotilo silinanene kuti Vedanta ndi yolakwa, linangotsegula chitseko. Mu January 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khoti, nkhani ya anthu oposa 2,500 n'kutha, kampani osavomera kulakwa kulikonse. Chimene chimandiwawa pa mbiri imeneyi n'chakuti mlimi wa ku Chingola anachita kukafuna chilungamo kutsidya la nyanja. Ndi angati angakwanitse ulendo wotere?

Tikamva kuti paipi yaphulika kapena damu lagumuka timati ngozi, koma chisankho chimakhala chinachitika kalekale, pamsonkhano wa bajeti. Injiniya wa pamgodi amalemba kuti khoma la damu la zinyalala likufunika kulimbitsa. Woyang'anira nthambi amadziwa kuti ku likulu amamuyeza ndi matani a kopa amene watulutsa ndi ndalama zimene wapulumutsa, ndipo kukonza damu sikuwonjezera tani ngakhale imodzi. Pempholo likafika ku likulu limapikisana ndi mapempho ochokera m'maiko ena. Palibe amene amanena kuti tiyeni tiwononge mtsinje. Amangoti tidikire chaka chamawa. Bwana wobwera amakhala zaka zochepa n'kupita kwina, pamene damu lidzakhalapobe zidzukulu zathu zili ndi imvi, ndipo wobwereka munda kwa chaka chimodzi sabzalamo mango. N'chifukwa chake kuphunzitsa mabwana za makhalidwe abwino, ngakhale kuli kofunika, sikukwanira ngati malipiro awo ndi kukwezedwa kwawo zikuwakankhira kwina.

Pa 18 February 2025 damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Kampaniyi ndi nthambi ya China Nonferrous Metal Mining Group, ya boma la China. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mbewu za m'mphepete mwa mtsinje zinapserera, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi akumwa, ndipo ndege za asilikali zinkathira laimu mumtsinje kuti asidi achepe mphamvu. Akuluakulu a kampani anapepesa poyera. Koma zimene zinatsatira ndi zimene zikukhudza nkhani yathu. Kampani ya ku South Africa yotchedwa Drizit, imene inalembedwa ntchito yoyeza kukula kwa chiwonongeko, inanena kuti zinyalala zimene zinatayika zinali matani oposa 1.5 miliyoni, kuchuluka kwambiri kuposa zimene zinalengezedwa. Sino-Metals inatsutsa zimenezi ndipo inathetsa kontrakiti ya Drizit. Mu August ofesi ya kazembe wa America inauza antchito ake kuti achoke m'dera la Kitwe, pamene boma la Zambia linkanena kuti madzi abwerera mwakale. Mu September alimi 176 anakasuma kukhoti ku Lusaka.

Kuchokera ku Chambishi kufika ku Chanyanya ndi makilomita mazanamazana, ndipo pakati pali madambo ndi damu lalikulu. Koma taganizirani mayi amene amafika padoko m'bandakucha ndi beseni lake, kudikira mabwato, kusankha milamba ndi nsomba zonga chambo, kuzithira ayezi kuti zikafike ku Lusaka zisanavunde. Mpamba wake wonse uli m'besenimo. Damu lija linagumuka patatsala masiku ochepa kuti nyengo yoletsa usodzi, imene imayamba pa 1 December n'kutha kumapeto kwa February, ithe. Wogula wa ku msika wa Soweto ku Lusaka safunsa kuti nsombayi yagwidwa chigawo chiti cha Kafue. Akamva pawailesi kuti mtsinje uli ndi poizoni amagwira chikwama chake. Mayi uja, kuti adziwe choti auze makasitomala ake ndi choti adyetse ana ake, akufunika nambala imodzi yodalirika, ndipo wapatsidwa zitatu zotsutsana. Kubisa kapena kuchepetsa chiwerengero ndi kulakwa kwachiwiri, ndipo nthawi zina kumaposa koyamba, chifukwa kumalanda munthu mpata wodziteteza yekha.

Ku Chanyanya kwenikweniko ndalama zakunja zinalowera pa nthaka. Mu 2008 kampani ya InfraCo Africa, ya ku London, inayambitsa kumeneko ntchito yoyesera ya ulimi wothirira. InfraCo si kampani wamba yongofuna phindu. Ili pansi pa bungwe la Private Infrastructure Development Group ndipo ndalama zake zimachokera ku maboma monga a Britain, Netherlands ndi Switzerland. Komabe imagwira ntchito m'maiko ambiri, ndipo cholinga chake ndi kuyambitsa ntchito zoti zidzayende mwamalonda, choncho mafunso ake ndi omwewo. Dongosolo lake linali lotere: alimi ang'onoang'ono anapanga kopaletivi, anaphatikiza minda yawo, n'kubwereketsa gawo lalikulu kwa kampani yolima mwamakono. Kampaniyo inaika mapampu kumtsinje ndi mipope italiitali ya matayala imene imazungulira yokha ikuwaza madzi, moti m'chilimwe, kwina konse kuli gwa, pamaoneka mabwalo obiriwira a tirigu. Alimiwo anayenera kulandira lendi ya malo awo, gawo la umwini wa kampaniyo, ndi timadimba tofikiridwa ndi madzi toti azilimamo ndiwo zamasamba chaka chonse. Ntchito yaikulu yotsatira, yotchedwa Chiansi, inakonzedwa kuti ifikenso ku Chikupi ndi ku Demu ndi thandizo la boma la Netherlands, ndipo inatenga zaka zambiri kuti ichoke papepala.

Ndinene mosabisa kuti ganizo limeneli ndimaliona labwino kuposa zimene zachitika m'madera ambiri, kumene wobwera amagula malo, n'kumanga mpanda, eni nthaka n'kusanduka aganyu pamunda wa makolo awo. Pansi pa lamulo la za malo la 1995, malo a mafumu akasinthidwa kukhala a chikalata cha zaka 99 sabwereranso m'manja mwa mfumu. Dongosolo losiya nthaka m'manja mwa eni ake likupewa chilonda chimenecho. Ndipo aliyense amene anaona chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February chaka chimenecho, akudziwa kufunika kwa madzi a mumpope pamene chimanga chikuuma mtsinje uli pafupi.

Koma dongosolo labwino lili ndi mayeso akeake, ndipo ndi obisika kuposa asidi mumtsinje. Gawo la phindu limabwera komalizira, ngongole, magetsi, feteleza ndi malipiro a oyendetsa zitachotsedwa kale. Ngati owerengera ndalamazo ndi mbali imodzi yokha, mlimi amene wauzidwa kuti chaka chino phindu palibe alibe njira yodziwira ngati ndi zoona. Akhoza kukhala kuti akuuzidwa zoona ndithu, koma kusatha kutsimikiza kokhako kumadya chikhulupiriro, ndipo mphekesera zoti tikudyeredwa masuku pamutu zimamera msanga pamalo otere. Palinso funso la dzina limene lalembedwa m'kaundula wa kopaletivi. Kawirikawiri limakhala la bambo wa pakhomo, pamene khasu amagwira ndi mayi, ndipo bamboyo akamwalira kapena banja likatha, lendi imatsata dzina. Nanga wodyetsa ng'ombe amene ankadutsa pamenepo popita kudambo, kapena wobwera amene ankalima mobwereka? Iwowa sasaina chilichonse chifukwa malo si awo, koma moyo wawo umasintha. Ndipo kuvomera kwa munthu amene nkhokwe yake ili mbee, wopatsidwa chikalata cha m'Chingelezi cha masamba ambiri chomanga ana ake kwa zaka zochuluka, n'kuvomera kofunika kukusamalira kwambiri. Kampani yoona mtima imalipira loya ndi wowerengera ndalama woima kumbali ya alimi, wosankhidwa ndi alimiwo, ngakhale ikudziwa kuti munthuyo adzaivutitsa pokambirana. Imalembanso momveka mmene mlimi angatulukire ngati zinthu sizikumuyendera.

Madzi enieniwo nawonso ali ndi owalimbirana. Mu Kafue momwemo mumatunga minda ya nzimbe, mumatunga mzinda wa Lusaka kudzera pa malo opopera madzi a Iolanda, ndipo makina a magetsi a ZESCO ku Kafue Gorge amafuna madzi omwewo. Chilolezo chotunga chimene bungwe loyang'anira madzi la WARMA limapereka chimanena kuchuluka kwa madzi, koma sichiuza kampani chochita chaka cha chilala pamene ili ndi ufulu wopopa koma anzake a kumunsi alibe pomwetsa ziweto.

Tsidya lina la mtsinje, ku Nakambala, kuli Zambia Sugar, nthambi ya Illovo, imene mwini wake ndi Associated British Foods. Owerenga a ku Malawi akuidziwa Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Mu February 2013 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti kuyambira 2007 Zambia Sugar inapeza phindu la madola 123 miliyoni koma msonkho wa pa phindu umene inalipira sunafike ngakhale theka la peresenti imodzi, ndiponso kuti ndalama zambiri zinkatuluka kudzera m'makampani apachibale a ku Ireland, Mauritius ndi Netherlands. Associated British Foods inakana kuti inachita chosayenera. Inati msonkho unachepa chifukwa cha kuchotsera kumene lamulo limapereka kwa amene waika ndalama zambiri pokulitsa fakitale, ndipo inakumbutsa za ntchito zimene imapereka kwa anthu. Lipotilo silinanene kuti lamulo linaphwanyidwa, ndipo mpamene pagona nkhani. Wogulitsa shuga yemweyo pamsika amalipira msonkho wa pamsika tsiku lililonse, alibe nthambi ku Dublin. Zambia ndi Ireland anasainirana pangano latsopano la misonkho mu 2015. Mu 2020 khoti lalikulu kwambiri la Zambia linagamula mokomera bungwe lotolera misonkho la ZRA pa mlandu wa Mopani Copper Mines, wokhudza mitengo imene inkagulitsira kopa kwa kholo lake, Glencore, ndipo kampaniyo inauzidwa kulipira 240 miliyoni kwacha. Msonkho umene sunalipidwe suoneka ngati nsomba zakufa, koma umaoneka pa chipatala chopanda mankhwala ndi pa ofesi ya bungwe loyang'anira chilengedwe la ZEMA yopanda galimoto yokayendera madamu.

Pali ena amene akamva zonsezi amati athamangitsidwe basi. Sindigwirizana nawo. Tauni ya Kafue ikudziwa bwino ululu wa fakitale yotsekedwa: inamangidwa modalira Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo pamene ya nsalu inatseka, ya feteleza n'kufooka, mabanja ambiri anagwa nazo. Dziko likufuna mpamba, makina ndi misika, ndipo zambiri mwa izo zili m'manja mwa akunja. Komanso kuwononga si khalidwe la akunja okha. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unali m'manja mwa boma zaka zake zomaliza mpaka unatsekedwa mu 1994, ndipo fumbi lake likudwalitsabe ana. Mu 2020 maloya anasumira Anglo American South Africa ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, ponena kuti kampaniyo inali ndi dzanja pa mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Anglo American imati sinali mwini kapena woyendetsa mgodi, ndipo udindo unapita kwa amene anautenga pambuyo pake. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Akuluakulu amati mlandu suola, koma mwana amene ali ndi mtovu m'magazi sadikira chigamulo kuti akule.

Dziko lapansi layesa kuika malire. Mu 2011 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zimene anakonza John Ruggie, zonena kuti boma liteteze ufulu wa anthu, kampani iulemekeze kulikonse kumene ikugwira ntchito, ndipo wolakwiridwa apeze thandizo. Mfundozi ndi zabwino koma sizimanga munthu kukhoti. France inakhazikitsa lamulo mu 2017 lokakamiza makampani ake akuluakulu kuyang'anira nthambi zawo zakunja, ndipo European Union inavomereza lofanana nalo mu 2024, ngakhale posakhalitsa anayamba kulifewetsa. Zonsezi zimathandiza, koma zimadalira nyumba za malamulo zimene msodzi wa ku Chanyanya savotako.

Zimene zili pafupi ndi ife ndi zazing'ono ndipo n'zotheka. Woyeza chiwonongeko asamalembedwe ntchito kapena kuchotsedwa ndi amene wawononga. Kampani ilipire, koma wosankha akhale wina. Zotsatira za kuyeza madzi ndi nsomba zizikhomedwa padoko ndi kulengezedwa pawailesi m'Chinyanja, m'Chitonga ndi m'Chibemba, mwezi ndi mwezi, osati pokhapokha pagwa tsoka. Ndalama zokonzera malo zizisungitsidwa zokwanira mgodi usanayambe kutaya zinyalala. Kopaletivi iliyonse imene yabwereketsa nthaka iziwerengeredwa mabuku a kampani pamsonkhano wapoyera, amayi alipo. Damu la kampani ya Vale litagumuka ku Brumadinho ku Brazil mu January 2019 n'kupha anthu 270, makampani a migodi pamodzi ndi United Nations ndi oika ndalama anatulutsa mu August 2020 muyezo wa dziko lonse wosamalira madamu a zinyalala. Mwa zimene muyezowo umafuna muli chakuti pakhale mkulu wodziwika pa kampani, woyankha mwachindunji kwa bwana wamkulu, amene chitetezo cha madamuwo chili pamutu pake. Boma la Zambia likhoza kuika chimenechi m'chilolezo cha mgodi uliwonse wa m'mbali mwa Kafue, n'kulamula kuti dzina la mkuluyo ndi lipoti la woyendera damu wodziimira payekha zizisindikizidwa chaka chilichonse, kuti khonsolo ya Kafue, mafumu ndi makomiti a asodzi azidziwa woti amulembere kalata mvula isanayambe.